Kawaya ka pa Tayala

Yewo chomene aulutsi, ndiwerengereni nkhani yangayi. Ndine gogo wa ku Chiputula.

Lachisanu mwana wanga analowa akuseka: "Amama, ntchito ija yapulumuka." Ndinavina ine, ndinavina mpaka chitenje kumasuka.

Iyeyu amayendetsa galimoto yopita ndi ophunzira a ku yunivesite kumidzi. Kagetsi kochenjeza za mabuleki kankangoyaka. Amakaniko asinthe kachipangizo koyeza liwiro la tayala, mawa kafa; asinthenso, kafanso. Mabwana anati akuyendetsa mosasamala, amuchotsa ntchito. Kenaka makaniko wina anagona kunsi kwa galimoto n'kupeza kawaya kakukhudzana ndi chitsulo m'misewu ya mabampu. Anakamanga bwino, matenda n'kutha.

Koma ine ndinali nditauza kale amayi a kutchalitchi kuti apongozi anga, akazi a mwana wangayo, ndiwo analodza galimoto. Mawuwo anawafika. Kawaya akamanga, nanga pakamwa pangapa amange ndani?

Ntchito itapulumuka, anabwera kunyumba kudzasangalala alongo anga a ku Lupaso, amayi a kwaya, aneba, ndi makaniko yemwe. Apongozi anangotumiza mandasi, okha sanabwere.

Apongozi, ngati mwatsegula wailesi, wolakwa ndine. Mandasi anu akundikanika kumeza.