Khadi Lachikasu Limene Sitinawawerengere

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1966, oyamba m'banja la ana anayi. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo, chitsirizira. Akubanja andipempha kuti ndiwerenge modekha. Pepani akuluakulu, sindikulonjeza.

Mu 1979 anasankhidwa kupita kusekondale. Chaka chomwecho ine ndinagwa mumtengo n'kumenyetsa mutu pamwala, ndipo patapita miyezi iwiri ndinayamba kudwala khunyu. Kunyumba anandipatulira mbale ndi kapu. Ndikagwa, anthu ankathawa malovu anga, olimba mtima n'kumandikankhira sipuni m'kamwa. Dzino loguluka ili sindinabadwe nalo chonchi ayi. Malemu okha ndi amene ankadya nane mbale imodzi, mwadala, anthu akuona.

Mu 1991 anamaliza maphunziro a udokotala. Mu 1994 anamanga banja ndi alamu athu, aphunzitsi a masamu, amene anapirira zaka zonsezi kudya patebulo lodzaza ndi mafayilo. Mu 1998 malemu anakhala katswiri wa matenda a ubongo wa ana. Chipatala chinawapatsa kachipinda kakumapeto kwa khonde, kawindo limodzi, benchi panja. Lachinayi lililonse benchilo linkadzaza mpaka amayi ena kukhala pansi.

Kuyambira 1999 mpaka 2010 anachita kafukufuku wotsata ana oposa mazana asanu ndi limodzi amene anamenyetsa mutu pampira, panjinga kapena m'mitengo, kuti aone kuti ndi angati amene anadzayamba khunyu. Ntchitoyo inabala khadi lachikasu lija inu achipatala mwalimata pakhoma la chipinda chilichonse m'chipatala chanu. Limati wovulala mutu mum'funse mafunso atatu: dzina lake, tsiku la lero, ndi mmene wagwera. Limati mumuyang'anire maola asanu ndi limodzi. Ndipo pansi pake, m'malembo akuluakulu, limati wovulala mutu akanena kuti ali bwino, musamukhulupirire. Malemu anali ovuta pa zimenezi, inde, tikudziwa kuti ena munkawatcha Mayi Mafunso kumbali. Ana amene anapulumuka chifukwa cha kuvuta kwawoko ena ali m'bwalo muno, ndi ndevu zawo.

Lachinayi lapitali, pa 14 Ogasiti, cha m'ma 9 koloko m'mawa, malemu anaterereka pamasitepe a chipatala n'kumenyetsa nkhongo. Paipi yodontha pamenepo anali atailembera kalata katatu. Anadzuka okha n'kunena kuti ali bwino. Panali madokotala anayi ndi anamwino asanu ndi mmodzi, onse ophunzitsidwa ndi iwo. Khadi linali pakhoma, mapazi atatu kuchokera pamene anagwera. Palibe mwa iwo anawafunsa mafunso atatu aja! Akuti ankaopa kufunsa mphunzitsi wawo dzina lake. Ulemu wanji umenewo? Akanakhala mwana wa munthu wamba mukanam'goneka pabedi, koma poti ndi abwana munawapatsa chikwama chawo n'kuwatsegulira chitseko.

Ndisaloze chala anthu ena okha. Amene anaitanidwa kudzawatenga ndine. M'njira anandifunsa kawiri ngati ana a pabenchi awaona kale. Kawiri! Ine ndinangoseka, n'kuwanena kuti ntchito yawalowa m'magazi. Titafika kunyumba anati agoneko pang'ono, ndipo amene anawatsekera makatani ndine ndemwe. Cha m'ma 4 koloko masana alamu anawapeza sakudzuka. Tinathamanga nawo kuchipatala komweko, tsopano makina ounikira mutu anapezeka msangamsanga, koma magazi anali ataundana kale m'mutu. Anatisiya Lachisanu m'mawa, pa 15 Ogasiti, ali ndi zaka 59.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu ziwiri, azibale atatu, ndi benchi lodzaza ana amene Lachinayi likubwerali adzafika osadziwa kanthu. Akuluakulu a chipatala, nkhata zanu talandira, zikomo. Koma konzani paipi ija, ndipo Lachinayi pakhale dokotala m'kachipinda muja.

Tikuthokoza aneba, ampingo, amayi amene akuphika kuseriku, adzukulu okumba manda, ndi bambo okolopa m'chipatala aja, amene okha ananena kuti mayiwa asapite kunyumba, koma palibe anawamvera poti ndi okolopa.

Achemwali, khadi lanu ndinaliloweza pamtima kalekale, ndipo nditagwa ine inu simunathawe. Mutagwa inu, ine sindinakufunseni ngakhale funso limodzi. Mzimu wanu uuse mumtendere. Ife otsala mtendere tisaupeze msanga.