Ndagula Mano, Bokosi Lidikire

Aulutsi, ndipatseniko mpata. Ndine gogo wa ku Liwaladzi, ndipo lero ndikuseka kukamwa kuli yasa!

Zaka zonse zomwe ndinkayanika usipa ndinkasungako kangachepe. Miyendo itatopa ndinasiya geni, ndipo ana anga anati, "Amayi, ndalama imeneyi musaikhudze, ndi ya bokosi lanu." Ndinavomera. Koma mano anga akutsogolo anali atatha. Ine amene ndinkayambitsa nyimbo m'maukwati ndinayamba kukhala kumbuyo, chitenje kukamwa.

Ndiye mdzukulu wanga wamkazi anapeza banja. Pokonzekera ukwatiwo ndinamva mpongozi wanga akunong'ona kuti, "Agogo asaimbe, kudzakhala ojambula." Aulutsi, mtima unandiwawa, unandiwawa ndithu! Kutacha ndinamasula ndalama ija, ndinakwera minibasi, ulendo wa kuchipatala kukayezetsa mano oikirira.

Mwana wanga wachisamba atamva anabwera atalusa. "Amayi, mukadzamwalira tidzakuikani m'chiyani?"

Ndinati, "Bambo, mudzandikulunge mu mphasa, sindidzadandaula, ndidzakhala ndili gone. Koma ukwati uwu wandipeza ndili maso!"

Tsikulo ndinaimba, ee, ndinaimba! Nthungululu mpaka mawu kusasa, wojambula osachoka pamaso panga. Mwana wanga uja mpaka lero amandipatsa moni wozizira, ndipo ndalama yatsala yochepa. Zimandikhudza, inde, koma sindipepesa.

Agogo anzanga amene mukusungira tsiku la maliro, dzifunseni: kodi tsikulo mudzalionako? Ine dzulo ndadya chimanga chootcha, mpaka kutsala chisononkho chokha, ndekha!