Mtsikana amene anandikonza pagulu

Aulutsi, ine ndimagwira ntchito ya makompyuta ku City Centre. Chaka chatha ndinapita ku yunivesite ina kukakopa ophunzira kuti azilemba nafe mapulogalamu otseguka, aja aliyense amaloledwa kuona m'kati mwake n'kukonza.

Ndikuonetsa pulogalamu yanga, mtsikana wina anakweza dzanja. "Pepani achikulire, pamzere wachitatupo mwalakwitsa."

Anzake anaseka, ine manyazi anandigwira. "Iwe mwana wadzulodzuloli ungandiphunzitse ntchito ine?"

Anangozyolika. Nditabwerera ku ofesi ndinapeza kuti ankanena zoona. Ulendo wotsatira sanabwere, ndipo mwa amene anabwerawo palibe anatsegula pakamwa.

Mpaka lero zimandiwawa. Ndinapita kukawaphunzitsa kukonza zolakwika za anzawo, koma woyamba kuchita zimenezo ndinamukalipira.