Tsache la Benedicta ndi Kangaude wa Madamu

Benedicta anali wantchito wa m'nyumba woti fumbi la ku Jumeirah, mu mzinda wa Dubai, limamuthawa lokha, ndiye tsiku lomwe madamu ake amabwerako ku tchuthi, mawa lake lili losainira viza yatsopano, ukhondo unamupitirira mpaka anakalowa m'kabati yagalasi momwe madamuwo amawetera kangaude wamawanga achikasu, dzina lake Hildah. Malumbo wa m'gadeni, munthu woti ukamulembera pepala amalitsata kuposa Baibulo, anamupeza akupukuta galasi lomaliza uku akuimba nyimbo ya kwaya.

"Achemwali, nyumba ya Hildah ili kuti?"

"Si iyi ikuwala ngati hotelayi?"

"Iyo ndi kabati. Ndikunena ukonde."

"Zinyalala zija? Khalasi, zatha, tsache ladya."

Malumbo anatulutsa pepala la madamu m'thumba n'kuliwongolera pachifuwa. "Nambala wani: ukonde osaukhudza."

"Ine tsiku loyamba anandiuza kuti ukonde wa kangaude m'nyumba muno asadzauone."

"Amanena akangaude wamba. Uyu ali ndi dzina."

"Olo akhale ndi pasipoti. Uve ndi uve."

Malumbo anatsitsa chala pamzere wina. "Nambala thuu: ntchentche ziwiri zamoyo m'mawa uliwonse. Ntchentche zanga mwazionako?"

"Zanu?"

"Ndinaika mango owola m'chitini kuseri kwa khitchini. Masabata atatu ndikuziweta."

"Kani fungo lija munali inu? Ndazipopera mankhwala, mangowo ali m'bini. M'nyumba yosamala ine ntchentche simulowa."

Malumbo anavula kapusi ngati wafika pamaliro.

"Achimwene," anatero Benedicta, manja ali m'chiuno, "ku Rumphi akudziwa kuti ku Dubai kuno mukuweta ntchentche?"

"Pepala silikunena za ku Rumphi." Anasuzumira m'kabati. "Nanga mwini nyumba ali kuti?"

"Ali pakona apo."

Pakonapo panalibe kanthu. Benedicta anayang'ana pamwamba, pansi, kuseri kwa kanthambi, koma Hildah osaoneka. Anadziona akutsika basi ku Chilomoni ndi chikwama chimodzi, azimayi a kumjigo akufunsana kuti uyu ndi uja anamuchotsa ntchito chifukwa cha kachilombo.

"Mukanene kuti wafa ndi ukalamba," anatero Benedicta.

"Nambala sikisi: akafa, mtembo uikidwe m'firiji. Mtembo uli kuti?"

"Ndiye kagwireni wina m'gadenimo."

"A m'gadeni alibe mawanga achikasu."

"Ndili ndi kyutekisi yachikasu."

"Pepala silikunena za kyutekisi."

"Pepala, pepala. Linakuberekani ndi pepala inu?"

Malumbo anasiya kuwerenga. Maso ake anali atakwera pang'onopang'ono n'kukaima pamwamba pa duku la Benedicta.

"Musagwedezeke, achemwali. Wapezeka."

"Kuti?"

"Wayamba kumanga. Ulusi wina wamangirira kuchitsulo cha katani, wina pa mfundo ya duku lanu."

"Mayo ine! Muchotseni."

"Nambala wani."

"Uwu ndi mutu wanga, Malumbo."

"Unali. Nambala folo: pomwe wasankha kumanga, osamusuntha mpaka amalize. Akasokonezedwa kawiri amasiya kudya." Anakweza maso. "Kamodzi mwamusokoneza kale."

Benedicta anauma gwa, khosi lili chilili, tsache lili m'manja. Pakona ya diso amaona timiyendo titalititali tikuyenda pa ulusi modekha, ngati telala wa kumsika wa Satwa amene alibe naye ntchito kasitomala.

Malumbo anazimitsa eyakoni kuti mphepo isadule ulusi, kenako anatenga kabotolo kopopera n'kumuloza nako kumaso.

"Mukutani?"

"Nambala fili: kupopera madzi panyumba yake. Amamwa timadontho."

Psii. Psii.

Madzi anatsika pamphuno pa Benedicta, koma dzanja sanayerekeze kulikweza. Foni ya Malumbo inalira. Anawerenga uthengawo mosathamanga.

"Madamu atera. Akuti pakatha ola limodzi akhala afika, inshala, ndipo akufuna kuyamba kupatsa moni Hildah."

"Amaliza nthawi yanji kumangaku?"

"Akamva ntchentche pafupi amafulumira. Popanda ntchentche amatha kuima pakati n'kumangoganiza."

Hildah anaimadi pakati, pamwamba penipeni pa khutu la Benedicta, n'kuyamba kuganiza.

"Ndiye mwaimiriranji? Yala, fulumirani, kafuneni ntchentche."

"Mwati m'nyumba yosamala inu ntchentche simulowa."

Benedicta anatseka maso, n'kuyankhula osagwedeza nsagwada.

"Tsekulani mawindo onse, mukavuule mango aja m'bini, mudzandigwiritse m'manja muno. Tsacheli kalitayeni."