Galu wa M'timabokosi Tinayi

Vitumbiko Mzumara anafika ku Geisha mu Mzuzu Loweruka m'mawa ndi jekete yobwereka komanso malamulo awiri ochokera kwa Keziya, mtsikana amene ankafuna kumukwatira: bambo ake asawatsutse, ndiponso asawanamize. Amalume ake omulankhulira anali adakali pa depoti, choncho anamukhazika pakhonde ndi bambo a Keziya, a Overton Namalomba, mkulu wa ku Zomba wopuma pa ntchito ya boma, amene anali ataweramira kolosiwedi ya m'nyuzipepala, ija yodzaza mawu m'timabokosi, bolopeni m'manja, rula pabondo.

Vitumbiko atangoona tsambalo, analizindikira. Kolosiwediyo amalemba ndi iyeyo, tsiku ndi tsiku, n'kusaina kuti V.M. Koma Keziya, pokhala mwana wodziwa bambo ake, anangowauza kuti mnyamatayo amagwira za pakompyuta.

"Monile, adada."

"Zikomo, khalani. Mutu wa lero ndi nyama. Mumazidziwa nyama, a Mzumara?"

"Zina, adada."

"Loyamba chopingasa. Nyama yokhala m'madzi ndi kumtunda komwe. Timabokosi tinayi."

Mvuu inafika pakamwa pa Vitumbiko, iye n'kuimeza yonse.

"Galu," anatero mkuluyo, akulemba.

"Galu, adada?"

"Mukutsutsa?"

"Yayi. Ndikungobwereza."

"Mzuzu muno mvula ikayamba Novembala, Julayi amafika ikadawazabe. Galu wangayu anaumapo liti? Tamuonani."

Galuyo anali pansi pa benchi, akudontha.

"Wanyowadi chomene," anatero Vitumbiko. Limeneli silinali bodza, ndipo anapumako pang'ono.

"Lachisanu chotsika. Nyama yoyenda ndi nyumba yake." Mkuluyo sanaganize n'komwe. "Munthu."

"Timabokosi ndi tisanu, adada. Munthu akufuna tisanu ndi kamodzi."

"Ndaona. Wolembayo anaiwala kamodzi."

Anatenga rula, n'kujambula kabokosi kena m'munsi mwa tsamba, kowongoka bwino kuposa ta ku makina, n'kumulowetsamo munthu uja.

"Mwezi watha neba wathu anasamukira ku Msongwe ndi malata, zitseko, mpaka njerwa. Ndinaona ndi maso angawa."

"Nanga kamba, adada?"

Linatuluka lokha. Vitumbiko anadziluma lilime, koma mochedwa.

"Kamba? Chigoba chija ndi nyumba? Zenera lili pati? Chimbudzi? A khonsolo angavomereze pulani imeneyo?"

"Sangavomereze, adada."

"Basitu."

Pakati panatsala timabokosi titatu tokana mawu aliwonse. A Namalomba anatidetsa ndi bolopeni mpaka tinada bii ngati tinzake, n'kuuzira kuti inki iume.

"Zaka zisanu ndi chimodzi sindinalepherepo kumaliza," anatero. "Koma V.M. ameneyu amandivutitsa. Mayankho amene amatulutsa mawa lake, theka amakhala olakwika. Ndamulembera makalata fote-fili."

"Fote-folo, adada."

Bolopeni inaima. Ngakhale galu anadzutsa mutu. Vitumbiko anali munthu woti nambala yolakwika sangaisiye kuti idutse, ngakhale ili m'kamwa mwa apongozi.

"Makalata anga mwawawerenga bwanji?"

"Imodziimodzi, adada."

"Ndikufunsa kuti mwawaona kuti!"

"M'katoni, pansi pa bedi langa."

"Mumagwira ku positi?"

"Yayi."

"Ndinu wakuba?"

"Yayi, adada."

"Ndiye kuti V.M. mumamudziwa."

"Chomene."

"Eya!" Mkuluyo anakokera mpando pafupi, maso akuwala. "Mulungu wandimva lero. Tandiuzani. Ndi mbuli, si choncho?"

Apa malamulo awiri a Keziya anagundana mitu. Akakana, wawatsutsa. Akavomera, wawanamiza, poti sukulu anapita ndithu. Thukuta linatsika m'jekete ya eni ake.

"Satifiketi ali nayo, adada."

"Anagula. Amakhala kuti?"

"Ku Kaning'ina."

"Pafupi ndi nkhalango, koma nyama osazidziwa! Lero ali kunyumba? Tipite."

"Kunyumba kulibe, adada."

"Ali kuti?"

"Pakhonde panu."

A Namalomba anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja. Anasuzumira pansi pa benchi, galu n'kugwedeza mchira. Kenako anabweza maso pang'onopang'ono.

"Vitumbiko," anatero. "Mzumara."

"Yewo, adada."

"Ndinu."

"Ndine."

"Makalata onse aja, osayankha ngakhale imodzi!"

"Iliyonse mumamaliza ndi mawu akuti 'musayerekeze kundiyankha.'"

"Ndiye inu n'kumvera?"

"Ndinu akulu, adada."

Mkuluyo anamenya tsamba ndi rula. "Chabwino. Poti mwabwera nokha. Loyamba chopingasa, mawa mutulutsa chiyani?"

"Mvuu."

"Mvuu munaionapo mu Mzuzu muno?"

"Yayi."

"Galu?"

"Ndikumuona."

"Ali m'madzi?"

"Theka, adada."

"Ndiye wolakwa ndani?"

Vitumbiko anamva chisoni chenicheni. Zaka zitatu akuyenda wapansi kudzamuona Keziya, matope mpaka m'mabondo, lero amutaye chifukwa cha mvuu imene sanaionepo ndi maso. Anaimirira, n'kumanga batani la jekete, n'kutulutsa foni.

"Pepani chomene, adada. Ndiwaimbire amalume abwerere?"

"Abwerere kuti? Auzeni akwere kabaza, afulumire!" Mkuluyo anatembenukira m'nyumba. "Keziya! Nyumba ya kuseri ija uisese. Mukakwatirana muzikhala pompano."

"Adada, kwathu mwamuna sakhala kwa apongozi."

"Kwanu ndi kwanu," anatero a Namalomba, akumupatsa rula. "Koma munthu wolakwitsa tsiku ndi tsiku chonchi sitingamusiye yekha."