Dzira lowiritsa ndi kabotolo ka amayi

Lachitatu, mwezi wa Okutobala. Ndakhala pakhonde kudikira kuti yunifolomu iume, ndipo ndikulemba izi kuti ndikakuwerengereni ku mapemphero a kusukulu, poti pakamwa pokha sindingathe. Moni nonse m'dzina la Ambuye.

Ambiri simudziwa kuti amayi anga amadwala shuga. Amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo. Kabotolo kake kamafuna pozizira, ndiye tinkakasungitsa mu firiji ya pagolosale. Firijiyo itawonongeka, amayi anangokaika mu kabati, m'nyumba ya malata, ndipo kutentha kwa ku Henga kuno mukukudziwa.

Sabata yatha anayamba kufooka. Madzi ankamwa osakhuta, maso ankaona mwachimbuuzi, chonsecho jakisoni sanadumphitse. "Ndi dzuwali mwanangu, usadandaule," ankatero. Koma ine chakudya chinkandikanika. Abale athu onse ali ku Ntcheu, kuno tinabwera awiriwiri chifukwa cha ntchito yawo. Atandisiya ndingapite kwa yani? Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndionetseni chimene chalakwika.

Lolemba pa Bayoloje aphunzitsi anathira choyera cha dzira mu kagalasi n'kukaviika m'madzi otentha. Posakhalitsa chinauma gwa. Anati puloteni ndi unyolo wautali wopindidwa mwanjira yakeyake, ndipo imagwira ntchito m'thupi chifukwa cha mapindidwe amenewo, monga momwe kiyi amatsegulira loko chifukwa cha mano ake. Kutentha kukaononga mapindidwewo, basi. Dzira lowiritsa silibwerera kukhala laliwisi. Kenako anatchula zitsanzo za mapuloteni, ndipo pakati pake ndinamva insulini.

Chiyambireni Fomu Wanu sindinaimikepo mkono, koma ndinauimika.

"Eee, Kachete walankhula lero!" anakuwa Tiwonge, mtsikana amene anandipatsa dzina limenelo. Onse anaseka.

"Aphunzitsi, nanga insulini ikakhala potentha?"

"Imatha mphamvu, ngakhale m'botolo izioneka bwinobwino. Wafunsiranji?"

Misozi inangotsika. Aphunzitsi atamva nkhani yonse panja, anandiuza kuti ndisadikire belu, ndikawatenge amayi tipite kuchipatala. Ndikuthamanga ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Tiwonge, amene anamvetsera zonse ali pakhomo.

"Iwe, bwanji sunanene? Amama ndi alangizi a ziweto, ali ndi firiji ya sola yosungira katemera wa chitopa. Malo alimo chomene. Bola amayi ako asakalakwitse botolo, angayambe kulira kokoliliko!"

Ndinaseka ndikulira.

Kuchipatala anapeza shuga atakwera kwambiri. Anawagoneka, kabotolo kakale anakataya, anatipatsa katsopano. Adokotala anati tinachita bwino kufulumira. Amayi atuluka lero, ndipo panopa akugona. Ndikumapitabe kukasuzumira ngati akupuma bwino, mantha sanatheretu.

Abale anga, ine ndinkayembekezera kuti Mulungu andiyankha kutchalitchi. Anandiyankha ndi dzira, komanso kudzera mwa munthu amene ndinkamuzemba panjira. Ndikumuthokoza. Ngati muli ndi chimene chikukudyani mumtima, musaleke kupemphera, koma musachite ngati ine, tsegulaninso pakamwa.

Kabotolo kali kwa a Tiwonge, m'kachitini kolembedwa dzina la amayi. Mawa ndidzuka msanga kukakatenga tisanapite kusukulu. Dzulo ndinawathokoza amake ndikuyang'ana pansi, mwina sanamve n'komwe. Mawa ndikagwada, ndikawayang'ana, ndipo ndikanena mokweza m'chilankhulo chawo kuti yewo chomene, amama.