Kompyuta ya aMabokosi Sichoka Pakhomo Pano

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1981, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaima pano ndine mlongo wawo wamkulu, malume a ana awa. Zimene ndinene si za kandimverere ayi, ndinaziona ndi maso angawa.

Sukulu anayamba mu 1987, sekondale n'kumaliza mu 1999. Pa masamu panalibe wowaposa, koma ndalama ya koleji inasowa. Choncho mu 2001 analowa ntchito m'sitolo ya zitsulo. Kuseri kwa matumba a simenti kunali kompyuta imene mwini sitolo ankangoifunditsa nsalu poopa fumbi. Malemu anaivundukula, naphunzira kulemba katundu yense m'mizere ndi m'timabokosi, makinawo n'kumawonkhetsa okha. Dzina loti aMabokosi linayambira pomwepo.

Pa 14 Ogasiti 2004 anakwatiwa ndi alamu angawa, amakaniko, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri.

Mu 2010 anapita ku fakitale ya sopo ngati kalaliki. Loweruka lililonse, anzawo akupuma, iwo anali m'kalasi. Mu 2015 anawakweza kukhala wosanthula manambala. Ankayang'ana malonda a miyezi yapitayo n'kuuza mabwana sopo amene ayende malonda ndi amene angoumira m'mashelefu.

Mu 2020 anayamba kugwirira ntchito kunyumba, pa intaneti, kampani yake ya kunja. Apa ndiye manong'onong'o anabuka. Akuti ntchito yanji yosatuluka pakhomo, munthu n'kumadzitsekera m'chipinda, chaka chisanathe denga lasintha? Ine sindikubisirani, bwana amene sungamugwire chanza nanenso sindimukhulupirira kwenikweni mpaka lero. Koma m'chipindamo ndinalowamo. Ndinapezamo tebulo, mpando wothyoka mwendo wochirikizidwa ndi njerwa, tiyi wozizira m'kapu, ndi manambala a mafiriji ogulitsidwa kumaiko ena. Chithumwa sindinachionemo.

Mutu unayamba kuwavuta mu Malichi chaka chino. Madokotala anapeza chotupa mu ubongo, ndipo anatiuza poyera tonse tili pomwepo. Malemu anatisiya pa 2 Juni 2024, ali ndi zaka 42.

Tsopano mundikhululukire, anamalira, pali nkhani imene ikundiwawa. Thupi lisanafike n'komwe pakhomo pano, kunabwera achibale ena amene kuchipatala sitinawaone ngakhale kamodzi. Akuti kompyuta ndiyo yawamwa magazi malemu, ichotsedwe isanadye wina, ndipo iwo adzipereka kukaitaya okha. Chifundo chimenechi chandidabwitsa. Munthu wokataya chinthu choopsa amafunsanso chingwe chake chotchajira? Amafunsanso chikwama chonyamulira? Maina sinditchula, eni ake akudzidziwa, ena akuyang'ana pansi pompano.

Chimene sakudziwa n'chakuti malemu anali ataphunzitsa mwana wawo wamkazi ntchito imeneyi, ngakhale ali chigonere. Kampani ija yavomera kumuyesa mwanayu kwa miyezi itatu, kuyambira Lolemba likubwerali. Kompyuta ina alibe. Ikachoka, mwayi wapita, ndipo sukulu ya mlongo wake wamng'ono yathera pomwepo. Dzulo mwanayu anabwera kwa ine kudzandifunsa ngati n'zoona kuti akaikhudza nayenso adwala mutu. Mwana wofedwa mayi mwamuopseza ndi chinthu chimene mayi ake anamusiyira. Zimenezi zandipsetsa mtima kwambiri, ndipo ndazinena pano kuti mawa wina asadzati sanamve.

Malemu asiya amuna awo, mwana wamkazi, mwana wamwamuna, mayi athu okalamba, ndi ife abale awo anayi.

Tikuthokoza anamwino amene ankawatembenuza pabedi osanyinyirika, anzawo a ku fakitale amene abwera ndi galimoto, ndi anansi amene mwagona nafe pano. Tikuthokozanso bwana wosaoneka uja, amene watumiza chipepeso. Tachilandira, ngakhale nkhope yake sitinaionebe.

Wofuna kompyuta ija adzabwere Lolemba m'mawa. Adzaipeza ili patebulo, mwanayu ali pampando wa mayi ake, ine ndili pakhomo.

Mlongo wanga, pitani osacheuka, ana tiwayang'anira. Mzimu wanu uuse mumtendere.